Tifunseni: Kodi Timauthenga Tatifupi Talanda Malo a Bulogu?

Mwezi uno talandira makalata anayi okhudza nkhani imodzi, ngakhale kuti eni ake sakudziwana ndipo maganizo awo akusiyana kwambiri. Tawafupikitsa pang'ono kuti akwane, koma mfundo za eni ake sitinazisinthe.

FUNSO: Akonzi, ine ndi alamu anga tili pa mtsutso umene wakana kutha. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulemba bulogu ya kaphunzitsidwe ka masamu, ndipo nkhani imodzi imanditengera madzulo awiri kapena atatu kuti ndiimalize, koma oiwerenga sapitirira 40. Alamu angawo amalemba mizere iwiri pa X akudikira basi, ndipo pofika madzulo chiwerengero chimaonetsa kuti anthu oposa 2,000 auona uthengawo. Iwo akuti bulogu inafa kalekale ndipo ine ndikungotaya nthawi, pamene ine ndikuti zimene amalemba iwozo ndi phokoso chabe. Tiweruzeni. Ndine mphunzitsi wa masamu.

YANKHO: Aphunzitsi, mlandu wa pachibale ndi wovuta kuweruza, koma poti mwaubweretsa nokha, tiuzenga. Tiyambe tagwirizana za mayina, chifukwa ena mwa owerenga athu sanawazolowere. Bulogu ndi tsamba la pa intaneti limene munthu amalembapo nkhani zake nthawi ndi nthawi, yatsopano n'kumakhala pamwamba, zakale n'kumatsikira pansi koma osafufutika, ndipo nkhani iliyonse imakhala ndi mutu wake, tsiku lake ndi adiresi yakeyake. Zimene amachita alamu anuzo pa Chingerezi amati microblogging, kutanthauza kulemba timauthenga tatifupi pa masamba a mchezo monga X, Threads, Bluesky, Mastodon kapena Weibo ya ku China, kumene uthenga wa munthu mmodzi umasakanikirana ndi wa anthu ena zikwizikwi n'kumapita nawo limodzi ngati masamba ogwera mumtsinje.

Zinthu ziwirizi ndi za mimba imodzi. Mawu akuti weblog anayamba ndi Jorn Barger mu 1997, ndipo Peter Merholz anawafupikitsa kukhala blog mu 1999, chaka chimene kampani ya Pyra Labs inatsegula Blogger, tsamba limene linathandiza anthu osadziwa zambiri za kompyuta kuti nawonso akhale ndi bulogu. Mmodzi wa eni kampaniyo anali Evan Williams. Google itagula Blogger mu 2003, Williams yemweyo anadzakhala m'gulu la anthu amene anayambitsa Twitter (imene lero ikutchedwa X) mu 2006, limodzi ndi Jack Dorsey, Biz Stone ndi Noah Glass, ndipo mu 2012 anatsegulanso Medium, tsamba la nkhani zitalizitali. Munthu mmodzi anamanga nyumba ya nkhani zazitali, n'kumanga ya zazifupi, kenako n'kubwereranso ku zazitali, ndipo ine ndimaona kuti zimenezi zokha zikukwanira kutichenjeza kuti tisafulumire kunena kuti china chinabwera kudzachotsa chinzake. Ngakhale malire oyamba a pa Twitter a zilembo 140 pa uthenga umodzi sanachokere ku nzeru yakuti kufupika n'kwabwino. Uthenga wa pafoni wa SMS umalola zilembo 160, choncho 20 anazisiyira dzina la wolemba, zotsalazo n'kukhala za uthenga.

Zoti bulogu inafa, alamu anu si oyamba kulengeza. Mu 2004 mtanthauziramawu wa Merriam-Webster anasankha blog kukhala mawu a chaka, koma patangopita zaka zinayi, mu 2008, Paul Boutin analemba m'magazini ya Wired kuti amene akuganiza zoyamba bulogu asayerekeze, ndipo amene ali nayo kale aitseke, chifukwa macheza asamukira ku Twitter, Facebook ndi Flickr. Maliro analengezedwa, koma mwini maliroyo akuyendabe: WordPress, pulogalamu imene inayamba mu 2003 ngati chida cholembera bulogu, lero ikuyendetsa masamba oposa 40 pa masamba 100 aliwonse a pa intaneti, ngakhale kuti si onsewo amene ali mabulogu.

Komabe pali china chimene chinasinthadi, ndipo apa alamu anu akunena zoona. Mabulogu oyambirira ambiri anali a timawu tatifupi: linki (adiresi imene munthu amadina kuti atsegule tsamba lina) ya nkhani imene wolemba waikonda, ndemanga ya mzere umodzi, nthabwala, dandaulo la tsikulo. Zonsezo zinasamukira ku masamba a mchezo ndipo sizidzabwereranso. Ndemanga za owerenga, zimene kale zinkadzaza pansi pa nkhani, nazonso zinatsatira komweko. Kenako pa 1 Julayi 2013 Google inatseka Google Reader, chida chimene anthu ambiri ankachigwiritsa ntchito posonkhanitsa nkhani zatsopano za mabulogu onse amene ankawakonda pamalo amodzi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo wolemba bulogu anayamba kuvutika kuti owerenga ake adziwe kuti watulutsa nkhani. Anthu anu 40 aja, aphunzitsi, n'kutheka kuti si umboni wakuti mukulemba zosathandiza, koma wakuti njira yofikira kwanu yamera udzu.

Tsopano tibwere pa manambala amene akukupwetekani mtima. Chiwerengero chimene chimaoneka pansi pa uthenga pa X chimawerenga nthawi zimene uthengawo waonekera pa foni kapena pa kompyuta, ndipo munthu amene anangoudutsa chala chikutsetsereka amawerengedwa mofanana ndi amene anaima n'kuuganizira. Akauonanso kachiwiri akhoza kuwerengedwanso. Amene amabwera kwa inu amachita kutsegula tsamba lanu mwadala. Tiyerekeze kuti munalemba nkhani yofotokoza chifukwa chake ana ambiri akapatsidwa 1/2 kuphatikiza 1/3 amaphatikiza manambala a pamwamba paokha, a pansi paokhanso, n'kupeza 2/5 m'malo mwa 5/6, ndipo munajambulamo zithunzi zoonetsa kuti 2/5 ndi yochepa kuposa theka limene mwana anayamba nalo. Patapita zaka zitatu, kholo kapena mphunzitsi watsopano amene wakumana ndi vuto lomwelo akafufuza pa Google akhoza kuipeza nkhaniyo ili chikhalire, n'kukaigwiritsa ntchito m'mawa mwake m'kalasi ya ana 60. Uthenga umene alamu anu analemba Lachiwiri lapitali, ngakhale eni akewo angatuluke thukuta kuti aupeze.

Koma inunso musawanyoze kuti amalemba phokoso chabe. Pa 15 Januwale 2009, ndege ya US Airways itatera mwadzidzidzi pa mtsinje wa Hudson ku New York, anthu onse 155 n'kupulumuka, chimodzi mwa zithunzi zoyamba kufalikira chinachokera kwa munthu amene anali pa boti limene linapita kukapulumutsa anthuwo, ndipo anachitumiza kudzera pa Twitter. Palibe amene akanamuuza kuti adikire madzulo awiri kapena atatu kuti alembe bwinobwino. Palinso anthu ambirimbiri amene tsamba lopanda kanthu limawaopsa, amene ali ndi foni yokha ndi mphindi zisanu, ndipo pakanapanda timauthenga tatifupi, mawu awo sakanamveka n'komwe.

Chigamulo changa n'chakuti pa mlandu wa imfa ya bulogu alamu anu agonja, pa mlandu wa phokoso mwagonja ndinu, koma mukandifunsa kuti ndi zolemba za ndani zimene zidzakhale zothandiza pakapita zaka khumi, ndinena kuti ndi zanu. Chindapusa chake, alamu anu aziuza owatsatira nthawi iliyonse imene mwatulutsa nkhani. Asamangoika linki yokha ayi, chifukwa masamba a mchezo amapeza ndalama munthu akakhalitsa pa iwo ndipo sasangalala ndi linki yotulutsa anthu kunja. Aziyamba ndi funso lenilenilo, monga lija la 1/2 ndi 1/3, kuti woona aime kaye.

FUNSO: Akonzi, ndatopa ndi anthu amene amaganiza kuti chilichonse chachitali n'chanzeru. Mabulogu ambiri amene ndawerenga amayamba ndi ndime zitatu za moni ndi mbiri ya wolemba, mfundo yeniyeni n'kukabisala pa ndime yachisanu ndi chiwiri. Malire a pa X a zilembo 280 amakakamiza munthu kuti adziwe chimene akufuna kunena asanatsegule pakamwa. Makolo athu ankamaliza mlandu wonse ndi mwambi wa mawu anayi okha. Kodi tinene kuti iwo sankaganiza mozama? Ndine mtsikana wophunzira utolankhani.

YANKHO: Achemwali, za mabulogu ozungulirazungulira sindikutsutsani. Alipo ambiri, ndipo ena amatalikitsidwa dala kuti pakati pake palowe malonda ambiri. Kufupikitsa ndi luso, ndipo mtolankhani amene sangathe kunena nkhani yake m'chiganizo chimodzi nthawi zambiri sanaimvetse nkhaniyo. Koma chitsanzo chanu cha mwambi chikugwira ntchito mbali zonse ziwiri. Mawu akuti "Mutu umodzi susenza denga" ali ndi zilembo zosakwana 30, koma sagwa pamalo opanda kanthu. Amanenedwa anthu atamva kale nkhani yonse, onse akudziwa kuti wakana thandizo ndi ndani ndiponso kuti denga likunenedwalo ndi chiyani, ndipo mawuwo anasalazidwa ndi pakamwa pa mibadwo yambiri asanafike kwa ife. Uthenga wa pa X umalembedwa m'mphindi imodzi, n'kuchoka pamalo pake, n'kukagwa m'manja mwa munthu wa dziko lina amene sakudziwa wolemba, sakudziwa chimene ankayankha, ndipo sangasiyanitse ngati inali nthabwala kapena zenizeni.

Ndikupatseni chitsanzo chongopeka. Wina alembe kuti: "Kafukufuku wina waung'ono, wochitidwa pa makoswe, akusonyeza kuti mankhwalawa mwina angachepetse kukula kwa chotupa, koma sanayesedwebe pa anthu." Mnzake alembe kuti: "Mankhwala a khansa apezeka." Mukawerenga zilembo za uthenga woyambawo mupeza kuti sizikwana 150, kutanthauza kuti malo ake alipo ndipo otsala ndi ambiri. Komatu umene udzafike kwa anthu ambiri ndi wachiwiriwo. Choncho mpanda wa zilembo si umene uli ndi mlandu waukulu. Pamene Twitter inkakweza malire kuchoka pa 140 kufika pa 280 mu Novembala 2017, kampaniyo inanena kuti mauthenga 9 pa 100 aliwonse a Chingerezi ndi amene ankagunda malire akalewo, ndipo pa nthawi yoyesera malire atsopano, umodzi wokha pa 100 ndi umene unkafika pa 280. Anthu amafupikitsa mwakufuna kwawo, chifukwa aphunzira kuti mawu monga "mwina", "kupatula" ndi "malinga ndi" amalemetsa uthenga, ndipo uthenga wolemera suuluka.

Akatswiri atatu a ku yunivesite ya MIT ku America, Soroush Vosoughi, Deb Roy ndi Sinan Aral, anatulutsa kafukufuku m'magazini ya Science mu 2018 atatsatira nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafalikira pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Anapeza kuti mwayi woti nkhani yabodza itumizidwenso unali wokwera ndi 70 peresenti poyerekeza ndi yoona, komanso kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yotalika pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500. Chopweteka n'chakuti oyambitsa kusiyana kumeneku sanali mapulogalamu odziyendetsa okha, koma anthu enieni ngati inu ndi ine. Inu amene mukuphunzira utolankhani muzikumbukiranso za pa 23 Epulo 2013, pamene akuba a pa intaneti analowa mu akaunti ya Twitter ya bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press n'kulemba kuti mabomba aphulika ku White House ndipo Barack Obama wavulala. Uthengawo unali wa mzere umodzi, unali wabodza, koma msika wa masheya ku New York unagwa kwa mphindi zingapo zinthu zisanalongosoke. Sindikunena kuti bulogu ndi malo oyera. Bodza lalitali liliponso, ndipo nthawi zina limanyenga kwambiri chifukwa limavala jekete la umboni. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba bulogu akalakwitsa akhoza kukonza pamalo omwewo n'kulemba pansi pake kuti apa ndinalakwitsa, ndipo aliyense wobwera pambuyo pake amapeza nkhani yokonzedwa. Pa X mwayi wosintha uthenga uli ndi olipira okha, kwa nthawi yochepa, ndipo uthenga wopepesa kawirikawiri sufika kwa onse amene anaona woyamba uja.

Umboni wina wakuti kufupika kuli ndi polekezera ndi zimene eni masambawo akhala akuchita. Mu Disembala 2017 Twitter inakhazikitsa njira yolumikizira timauthenga tingapo kukhala mndandanda umodzi, chifukwa anthu ankachita kale zimenezo paokha, ndipo mu 2023 inalola olipira kulemba mpaka zilembo 25,000. Threads ndi Mastodon zimalola 500, Bluesky 300. Mndandanda wa timauthenga 20 ndi bulogu yodulidwa zidutswa, ndipo choopsa chake n'chakuti chidutswa chilichonse chikhoza kutoledwa pachokha. Ine zinandichitikirapo. Ndinalemba mndandanda wa timauthenga tisanu ndi tinayi, ndipo kachinayi kanali kofotokoza maganizo a anthu amene ndinkawatsutsa, kuti m'kachisanu ndiwayankhe. Wina anangotola kachinayi kaja n'kukatumiza kwa anzake, ndipo ndinakhala tsiku lathunthu ndikudzudzulidwa chifukwa cha mfundo imene ndinkaikana. Zikanakhala ndime za nkhani imodzi, woitsegula akanaona mutu wake asanafike pa ndime yachinayi.

Tikamalemba m'Chichewa palinso kena kake. Liwu limodzi monga "sitidzawathandizanso" lili ndi zilembo 20, koma lanyamula chiganizo chathunthu, wochita, wochitiridwa, nthawi ndi kukana komwe, choncho chilankhulo chathu sichiopa kufupika. Chimene ndimaona chikutayika ndi ulemu ndi kalembedwe: "kuti" wasanduka "kt", "chifukwa" wasanduka "chfkw", ndipo moni ndi mawu aulemu ndi amene amayamba kutayidwa malo akachepa. Nkhani zazitali za Chichewa cholongosoka ndi zochepa kwambiri pa intaneti, ndipo timauthenga tatifupi sitingadzaze dzenje limenelo. Phunzirani kufupikitsa ndithu, achemwali, pakuti mudzakufuna tsiku lililonse pa ntchito yanu, koma uthenga wamphamvu wa zilembo 280 uzichokera pa nkhani imene mwaifufuza mokwanira kuti mukhoza kuilemba m'mawu 2,000 atakufunsani.

FUNSO: Akonzi, ndakhala ndikulemba ndakatulo zanga zazifupi pa tsamba lina la mchezo kwa zaka zambiri. Mwana wanga akuti tsiku lina ndikhoza kudzuka n'kupeza zonse palibe, ndipo akufuna anditsegulire bulogu. Kodi akungondiopseza? Ndine bambo wopuma pa ntchito.

YANKHO: Bambo, mwana wanu sakukuopsezani, ndipo funso lanuli ndi limene ine ndimaliona kuti ndi phata la mtsutso wonsewu, kuposa za kutalika ndi kufupika. Wolemba pa tsamba la mchezo ali ngati munthu wokhala m'nyumba ya lendi wopanda pangano lolembedwa: mwini nyumba akhoza kusintha malamulo, kugulitsa nyumbayo kapena kuigwetsa, ndipo sapempha chilolezo kwa wokhalamo. Yahoo inatseka GeoCities, kumene anthu ankatsegula masamba awo aulere, mu 2009, masamba a anthu mamiliyoni n'kupita nawo. Google inatseka tsamba lake la mchezo la Google+ kwa anthu wamba mu Epulo 2019. Twitter inagulidwa ndi Elon Musk mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni a ku America, mu Julayi 2023 dzina linasintha kukhala X, ndipo chizindikiro chija chotsimikizira kuti munthu ndi mwini wake weniweni wa dzina chinasanduka chogulitsa. Nawo maboma akhoza kutseka chitseko: ku Nigeria Twitter inaletsedwa kuyambira Juni 2021 mpaka Januwale 2022. Ngakhale Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, imene mu 2010 inayamba kusunga mauthenga onse a pa Twitter oonekera kwa aliyense, inasiya kutero kumapeto kwa 2017 n'kuyamba kusankha ena okha.

Koma ndikanama ndikanena kuti bulogu iliyonse ndi nyumba yanuyanu. Posterous linali tsamba la mabulogu lokondedwa kwambiri; Twitter inaligula mu 2012 n'kulitseka mu Epulo 2013. Bulogu yaulere yokhala pa tsamba la kampani ina ndi lendi yomweyo, kungoti zipinda zake ndi zazikulu. Ngakhale yokhala ndi adiresi yanuyanu imafuna kulipiridwa chaka ndi chaka, ndipo mwini wake akaiwala, akadwala kapena akamwalira, imazimiririka mwakachetechete. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2024 kuti masamba 38 pa 100 aliwonse amene analipo mu 2013 sankapezekanso patapita zaka khumi, ndiponso kuti pafupifupi uthenga umodzi pa mauthenga asanu a pa X sunkaonekanso kwa anthu patangopita miyezi yochepa. Intaneti imaiwala mbali zonse.

Ubwino wa bulogu ndi wakuti kusamuka n'kosavuta. WordPress ndi Blogger zimalola kutulutsa nkhani zanu zonse m'fayilo imodzi n'kukaziika kwina, ndipo ngati adiresi ndi yanu, owerenga amakupezani pomwepo ngakhale mwasintha kampani yosungira. Pa masamba a mchezo mukhoza kupempha kope la zimene munalemba, koma okutsatirani nthawi zambiri simungawanyamule. Mastodon imalola kusamuka ndi okutsatirani kupita pa seva ina (kompyuta ina yosungira maakaunti), koma zolemba zakale zimatsala. Muloleni mwana wanu akutsegulireni buloguyo, ndipo ndakatulo iliyonse iziyamba yaikidwa kumeneko, kenako muziikopera ku tsamba la mchezo kumene anzanu anazolowera kukupezani. Musanachite china chilichonse, sabata ino pemphani kope la zolemba zanu zonse, mulisunge pa kompyuta, ndipo ndakatulo zimene mumazikonda kwambiri muzisindikize papepala.

FUNSO: Akonzi, ndine namwino ndipo ndikufuna kuyamba kulemba zothandiza amayi amene angobereka kumene, koma nthawi ndilibe yambiri. Ndiyambe ndi chiti?

YANKHO: Anamwino, yambani ndi timauthenga tatifupi, koma muyambe ngati munthu amene wapita kukamvetsera. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri lembani mfundo imodzi pa tsiku limene mwapeza mpata, ndipo muzionetsetsa mafunso amene akubwera. Mukaona kuti funso limodzi mwaliyankha katatu, monga lakuti mwana wakhanda ayenera kuyamwa kangati pa tsiku, dziwani kuti lakula kuposa malo ake ndipo likufuna nkhani yathunthu, chifukwa pa za umoyo mawu aja akuti "kupatula ngati" ndi "thamangirani kuchipatala mukaona izi" ndi amene amapulumutsa moyo, ndipo ndi omwewo amene amadulidwa munthu akamafupikitsa. Muzikumbukiranso kuti olankhula kwambiri pa masamba amenewa si chithunzi cha anthu onse. Mu 2019 Pew Research Center inapeza kuti pakati pa akuluakulu ogwiritsa ntchito Twitter ku America, anthu 10 pa 100 aliwonse ndi amene ankalemba mauthenga 80 pa 100, choncho mayi amene akufunikira thandizo lanu kwambiri mwina ndi uja amene amangowerenga osayankha.

Zoti ziwirizi zimathandizana si maloto. Pa nthawi ya ziwawa zimene zinatsatira chisankho cha ku Kenya cha Disembala 2007, Ory Okolloh ankalemba pa bulogu yake zimene anthu ankamutumizira, ndipo zitachuluka anapereka ganizo pa bulogu yomweyo kuti pakhale mapu oonetsa kumene zinthu zikuchitikira. Akatswiri a kompyuta amene anawerenga anadzipereka, ndipo m'masiku ochepa panabadwa Ushahidi, imene inkalandira timauthenga tatifupi ta pafoni n'kutiika pamalo amodzi pamene tinkamveka tanthauzo lake.

Bulogu yanu sikufuna nkhani tsiku lililonse. Imodzi pa mwezi yolembedwa mosamala ikukwanira, bola muziika tsiku limene mwailemba ndi limene mwaikonzanso, popeza malangizo a zaumoyo amasintha. Chenjerani ndi chinsinsi cha odwala, chifukwa ngakhale musatchule dzina, tsiku, zaka ndi vuto zikaphatikizana achibale akhoza kumuzindikira munthu. Ndipo wina akakufotokozerani matenda ake pagulu, musamuyeze kudzera pa foni. Mupatseni linki ya nkhani yanu ngati ikukhudza vuto lakelo, n'kumuuza kuti apite kukaonana ndi achipatala.